Kumsana Dzanja Silifika

Lolemba, 9 Juni 1997

Dziko lonse la Zambia limve, ndipo sitima ya ku Livingstone iyambe yaima pa siteshoni. Ine Davison Miti, mwana wa ku Katete, amene ndinayendetsa makina oluka nsalu mu Kafue muno kufikira tsiku limene anatiuza kuti tikapume tisanatope, ine mkulu wa onse onyoza Abemba pamaliro, lero ndalowa m'chipatala. Ng'oma sanandiimbire. Andilandira ndi sikelo ndi kabotolo koti ndikodzeremo.

Chandibweretsa ndi kuyabwa. Ndinayamba kukanda mvula isanathe, poyamba ndi zikhadabo, kenako ndi chitsononkho cha chimanga, potsiriza ndi ngodya ya khoma ngati mbuzi. Tsopano mwendo wamanzere watupa, ukutentha, ukutuluka mafinya. M'manja ndi m'zigongono muli nkhanambo zokhuthala. Andigoneka bedi lakumapeto, pafupi ndi zenera, ndi mabulangete angaanga. Jekiseni wa penisilini m'mawa ndi madzulo, panado, ndi kapiritsi kachikasu kotchedwa piritoni.

Wandiperekeza ndi mwana wanga Shadreck. Amake, mkazi wanga Zione, sanabwere, ndipo ndilembe chifukwa chake lero lomwe. Zotupazi zinafika ndi kumalo kumene mwamuna saonetsa anthu. Zione ataziona anakumbukira masiku onse amene ndagona kunja chaka chino, nati, "Maliro anuwo amavala chitenje." Akuti ndatenga matenda a masiku ano kwa akazi. Chikwatirane, palibe tsiku limene ndinasamba iye osandikhula kumsana ndi kamwala kake. Kuyambira pa Isitala kamwalako kali pawindo, kouma.

Lachiwiri, 10 Juni

Wandiona ndi ba Lighton, amene tonse timawatcha adokotala. Ndi wamng'ono kwa Shadreck koma amayang'ana munthu modekha. Anafunsa ngati kuyabwa kumakula ndikafunda. Ndinati ndikalowa m'bulangete ndiye dansi yayamba. Anayang'ana pakati pa zala, m'khwapa, pamchombo, ndi kuja kunandichotsetsa ulemu kunyumba. Kenako anandipaka inki ya peni pamkono napukuta ndi thonje. Inki yonse inachoka, kunangotsala kamzere kokhota ngati ulusi.

"Mwakaona ako, ba Miti? Ni njira ya kachilombo. Muli na mphere."

"Mphere? Matenda a ana osasamba? Ine mwamuna wa tayi?"

"Kachilombo sikaona tayi, mudala."

Anatola kanthu kumapeto kwa mzerewo ndi nsonga ya singano, nanditengera ku chipinda chopimira kuti ndikasuzumire m'makina okuza zinthu. Ndinakaona ndi maso anga. Kozungulira ngati kamba, kaubweya, timiyendo tafupitafupi tikupalasa. Akuti kakakazi kamakumba khungu ngati mfuko, kuikira mazira m'njiramo, ana n'kumakumbanso zawo. Ndinakapatsa moni. Sikanayankhe, kanali pa ntchito.

Anapemphanso kuti apime magazi, chifukwa mphere zochuluka chonchi nthawi zina zimabwera thupi likafooka ndi matenda aja. Ndinavomera. Ndikudziwa kumene ndinagona ndi kumene sindinagone, komabe pamene singano inkalowa nthabwala zinandithera. Magazi apita ku Lusaka.

Lachitatu, 11 Juni

Thupi moto. Phala lokha. Sista Audrey andidula zikhadabo mpaka kumnofu, akuti andilanda zida. Mwendo aviika m'madzi ofiirira a mankhwala. Ndayang'ana kukhomo nthawi ya alendo.

Lachinayi, 12 Juni

Mulungu ndi wabwino, wandipatsa Mubemba pabedi loyandikana nalo. Dzina lake Evaristo, anali wa njanji. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya, kutukwanana ndi udindo wathu, ndipo wokwiya ndiye wolakwa.

"Shani, we kalya-mbewa?" anandilonjera m'Chibemba. "Mbewa zimene unadya zayamba kukudya?"

"Bwino kudya mbewa kusiyana ndi kudya anyani. Taona maso ako, afanana ndi papaya."

Maso ake ndi achikasu zedi. Nayenso amakanda koposa ine, makamaka m'zikhatho ndi kuphazi, koma khungu lake lilibe kachiphuphu n'kamodzi komwe. Ba Lighton akuti iye alibe kachilombo. Kamwala katseka njira ya ndulu, ndulu ikubwerera m'magazi, ndiye ikumuyabwa kuchokera m'kati. Piritoni samuthandiza kwenikweni, amangomugoneka. Mankhwala ake ndi mpeni wa ku Lusaka. Tsidya lina kuli mphunzitsi wa malungo amene akukanda chifukwa cha kolorokwini. Akuti ambiri a ife anthu akuda mankhwalawo amatitero, ndipo zimatha zokha pakapita masiku ochepa. Amuna atatu kukanda nyimbo imodzi, koma aliyense ndi ng'oma yake. Ine ndinkayesa kuyabwa ndi kumodzi.

Evaristo ndiye wandipezera kumene ndinatenga mpherezi. Anandifunsa za chikhoti changa cha salaula, chogula pa kaunjika, chakuda, chofika m'maondo, chimene Kafue yense amachidziwa. Zaka zino maliro sakutha, ndipo akamwalira Mubemba ine ndimakagona komweko, kusonkha moto, kupaka ofedwa ufa kumaso ndi kuwaseketsa kuti mtima utsike. Kukazizira chikhoticho timafunda atatu kapena anayi, wina akapita kukakodza wina walowamo.

"Chija chikhoti chagona na anthu ambiri kupambana iwe," anatero Evaristo. Ba Lighton anaseka, nati n'zotheka ndithu. Mphere zimayenda khungu likakhudzana nthawi yaitali, ndiponso m'zofunda.

Ndiye mkazi wanga sanalakwe kwambiri. Ndinagonadi ndi anthu. Koma onse anali a ndevu.

Lachisanu, 13 Juni

Kutentha kwatsika. Ndadya nshima ndi nyemba.

Ba Lighton anafunsa chifukwa chake mikono yanga yayera kusiyana ndi nkhope. Ndinafotokoza. Mpongozi wanga Yande, mkazi wa Shadreck, ali ndi kirimu woyeretsa khungu amene amagula pamsika, wochokera ku Zaire, dziko lija lasintha dzina mwezi watha. Tsiku lina ndinapakako pang'ono, kuyabwa kunaleka ngati wazimitsa wailesi. Ndinayamba kugula wanga pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, chubu ndi chubu.

Anagwira mutu. Anafotokoza motere, ndipo ndalemba monga ndamvera. Chimene chimayabwa si kuluma kwa kachilombo. Thupi lili ndi alonda ake. Akapeza kachilombo, mazira ake ndi zonyansa zake, amathira mankhwala awo pakhungu, ena amatchedwa hisitamini. Mankhwalawo amagwedeza timitsempha tating'ono ta pamwamba pa khungu, timitsemphato n'kutumiza uthenga ku ubongo kuti kanda apa. Alonda amatenga mwezi kapena kuposa kuti amuzindikire mlendo, n'chifukwa chake munthu amayamba kupatsira ena iye asanayambe kukanda. Piritoni amatseka hisitamini pakamwa. Kirimu wa Yande uja amagoneka alonda onse. Phokoso limatha, koma akuba amalowa ndi abale awo.

Ndinafunsa chifukwa chake kukanda kumakoma chotere. Akuti zikhadabo zimabweretsa kaululu, kaululuko n'kuphimba kuyabwa, monga sitima ikamadutsa simumva mkazi akukalipa. Sitima ikapita mumapeza mawu akwera. Khungu lokandidwa limathira mankhwala ena oyabwitsa, ndipo m'mabala mumalowa tizilombo ta mafinya. Ndi mmene mwendo wanga unatupira.

Zaka zonsezi ndimayesa ndine katswiri wa kukanda. Lero mwana wandiphunzitsa, ndipo ndathokoza.

Lamulungu, 15 Juni

Shadreck anabwera atatuluka ku tchalitchi chawo choimba ndi magitala. Ba Lighton anamuuza kuti nyumba yonse iyenera kupakidwa mankhwala tsiku limodzi, woyabwa ndi wosayabwa, apo ayi ndikabwerera ndikatenganso. Iye anaulula kuti m'zala mwayamba, Yande nayenso, ndi kamwana kawo kumapazi.

"Nanga amako?"

Anayang'ana pansi. "Ba tate, amai sali bwino. Akanda na mthiko mu kicheni, aganiza sitiona. Manja abisa mu chitenje. Dzulo apatsa Yande vitenje vawo va mu sutikesi, vija vamene sanavalepo. Akuti asunge, iwo sadzavifuna."

Mkazi wanga akugawa katundu. Akuganiza kuti akufa, ndipo akuganiza kuti wamupha ndine. Zonsezi chifukwa cha kanthu kosafika ndi kambewu ka fodya.

Lolemba, 16 Juni

Mabala auma mokwanira, ndiye lero andipaka mankhwala enieni. Ndi oyera ngati mkaka, manesi amangoti bii-bii. Ndinasamba madzi ofunda, kukhula nkhanambo zimene mafuta a salufa afewetsa, ndipo Sista Audrey anabwera atavala magolovesi, atanyamula burashi yopentera nyumba. Kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, pakati pa zala, pansi pa zikhadabo. Kuja kwina anandipatsa burashi natembenuka.

Abale anga. Ndinavina vimbuza ndi chitelele nthawi imodzi. Evaristo anaseka mpaka anayamba kutsokomola, akuti aitane ozimitsa moto a ku fakitale ya feteleza.

"Limbani, ba shikulu," anatero Sista, kunditcha agogo m'Chibemba. "Ngati imwe mumvera so, ganizani tuja tuvilombo."

Osasamba mpaka mawa nthawi yomweyi. Apakanso mawa ndi mkuja, kenako kubwereza sabata yamawa pamodzi ndi a kunyumba, chifukwa mazira ena amapulumuka. Mtsikana uyu amagwira khungu limene ine mwini ndimanyansidwa nalo, ndipo sakwinya nkhope. Amake anabala.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndalandira mlendo. Ndi ba Molly a ku Chanyanya, mayi wamasiye wogulitsa nsomba, wonenepa bwino, wa mpata m'mano, woseka ndi mapewa. Akuti ndinawaseketsa pamaliro a amuna awo mpaka anaiwala kukomoka, ndiye amva kuti ndadwala. Abweretsa mbale ya mlamba wouma wotendera, wopanda anyezi, monga ndimakondera, pakuti anyezi amanditentha pamtima. Ndanyambita mbale. Evaristo ndamupatsa mutu wokha, mafuta amuletsa.

Lachitatu, 18 Juni

Magazi abwera. Ba Lighton ananditengera m'kachipinda, natseka chitseko.

"Matenda yaja mulibe, ba Miti. Shuga chabe yakwerako pang'ono, muchepetse mu tiyi. Ukalamba na kirimu ija ndiye vinalengetsa."

Ndinangogwira dzanja lawo ndi manja awiri, ndipo sanalichotse ngakhale analibe magolovesi.

Ndatuma Shadreck akauze amake kuti magazi ndi oyera, ndi mphere chabe, abwere aonedwe.

Lachinayi, 19 Juni

Yankho labwera. Shadreck analinena monga analimvera: "Atate ako ananenapo zoona liti? Si omwewa anauza komboni yonse kuti fakitale itsegulidwa Lolemba, anthu n'kuchapa maovolosi? Matenda awa alibe mankhwala. Andisiye ndife ndi ulemu wanga pakhomo panga."

Za maovolosi n'zoona, zinali za pa 1 Epulo, tsiku lopusitsana. Pepala la chipatala akuti ndikhoza kulemba ndekha, popeza dzanja langa ndi lokongola. Ndi malipiro a munthu woseka. Tsiku limene wanyamula choonadi, palibe wokutsegulira.

Masana kunabwera Nelly, mtsikana wa nyumba yoyandikana ndi yathu ku Estates, amene amayenda m'mawodi kupempherera odwala. Ndi mwana wabwino, koma nkhani ikalowa m'khutu mwake imatulukira pampopi pomwe amayi amatunga madzi. Anadzudzula chiwanda cha kuyabwa mpaka thukuta. Atati amen anaona mbale.

"Ba shikulu, nindani amubweretserani nsomba? Ba mbuya, akazi anu, sabwera kuno."

Ndinamuuza zonse za ba Molly, mpata wa m'mano ndi mapewa omwe. Ndinawonjeza kuti Lolemba pofunika munthu wondipaka kumsana, popeza dzanja langa silifikako, mpongozi sangandikhudze, ndipo Shadreck adzakhala akupaka banja lake. Ba Molly adzipereka. Nelly anaiwala Baibulo pabedi, anachita kulibwerera.

Lachisanu, 20 Juni

Evaristo apita naye ku Lusaka m'mawa uno. Ali pamachira anandiitana.

"Iwe Miti, nikafa ubwere uniseke bwino. Koma chikhoti usiye ku nyumba."

"Ukafa ndidzalira, chifukwa anyani adzachuluka m'dziko."

Tinagwirana manja nthawi yaitali. Mulungu atsogolere mpeniwo.

Ba Molly abweretsanso mlamba. Lero mchere unapitirira pang'ono, ngati wophika anali ndi mkwiyo. Kuyabwa kwachepa, koma kulipo. Akuti kudzakhalapo milungu ingapo ngakhale tizilombo tafa, chifukwa alonda amapitiriza kukuwa mpaka khungu lakale litafundula. Ndisapakenso bii-bii mwa ine ndekha poyesa kuti sanagwire, angandiwotche. Vaselini, piritoni, ndi kuleza mtima. Pakayabwa ndiikepo nsalu yonyowa kapena ndimenye ndi chikhatho.

Loweruka, 21 Juni

Nthawi ya alendo a masana ndinali kuyang'ana pazenera. Ndinamva wodi yakhala chete, ndipo nditatembenuka anali ataima kumapazi kwa bedi. Duku la ku Mvano, nsapato za ku tchalitchi, manja onse m'chitenje. Waonda mkazi wanga.

"Ali kuti?"

"Ndani, amake Shadreck?"

"Musandichedwetse, aMiti. Wa mpata m'manoyo."

"Wangotuluka kumene. Simunakumane pakhomo?"

Anakhala pampando, nayang'ana mbale ili pakabati. "Amaphika bwino?"

"Kwambiri."

"Anyezi amaika?"

"Saika."

"Hm. Akukudziwani."

Sista Audrey ndi wochenjera. Anali ataitana kale ba Lighton. Iwo anagwada pang'ono, nati, "Amai, nipempha nione manja." Zione anakana kawiri. Kachitatu anatulutsa. Ndinaona zimene ankabisa, pakati pa zala ponse mabala, pamikono mizere ya magazi. Ba Lighton anapaka inki, napukuta, natola ndi singano, ndipo tonse tinapita ku makina aja, ine ndikutsimphina pambuyo.

Anasuzumira nthawi yaitali. Anachotsa diso, napukuta, nasuzumiranso.

"Kameneka?"

"Kameneko, amai."

"Kakuyenda."

"Lolemba kazaleka. Magazi ya ba Miti ninapima ine, yali bwino. Ngati mufuna, na yanu tipima."

"Mupime. Za awa sindimva, ndimva za inu." Anakhala pa benchi, nafunda chitenje kumaso. Mapewa ankagwedezeka, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikhulupirira naye sanadziwe. Atavundukula anati, "Zitenje zanga Yande abweze."

Ndinamufotokozera za chikhoti. Anati anandiuza kalekale kuti chikhoticho chimanunkha anthu akufa. Potuluka anatenga mbale ija osafunsa mwini wake, naika m'thumba lake.

Lolemba, 23 Juni, kunyumba

Anditulutsa m'mawa, mwendo waphwa. Ndatsazika wodi yonse bedi ndi bedi. Sista Audrey ndamuuza kuti akadzafuna ntchito yopenta nyumba ndidzamuchitira umboni.

Pakhomo ndapeza ngati pafika chigumula. Mabulangete awiritsa mumgolo, matiresi ali padzuwa, Yande akusita chilichonse mpaka matewera. Nsapato ndi zosachapika azimanga m'matumba a pulasitiki, zikhale sabata, pakuti kachilombo kakasowa munthu kamafa ndi njala. Chikhoti ndinapempha kuti tichiwiritse. Zione anali atachitentha kale Loweruka. Chinatumikira maliro ambiri, chapita chopanda nyimbo.

Kamwana apaka mafuta a salufa, bii-bii ndi waukali kwa khanda. Shadreck ndi mkazi wake analowa kuchipinda kwawo ndi botolo lawo, ndipo posakhalitsa tinamva Yande akuitana Yesu m'Chibemba. Ife tinalowa kubafa ndi lathu. Kamwala kaja kanali kale m'beseni. Anandikhula mwamphamvu kuposa kale, kenako burashi.

"Apa Molly wanu akanafika?"

"Sakanafika."

"Tembenukani."

Atatha anandipatsa burashi, nandipatsa msana. Zaka zonsezi iye ankakhula wanga, ine wake sindinaugwirepo ndi madzi. Ndinaona mmene anaukandira ndi mthiko, yekha, m'kicheni, akuyesa kuti ndi imfa. Ndinapaka pang'onopang'ono, osasiya malo. Mankhwala atayamba kuluma anandigwira dzanja nanditukwana ndi mawu a ku Katete amene sindinawamve chichokere kumudzi. Tinavina tonse awiri, oyera ngati zinyau.

Zonse ndalemba m'masiku awa n'zoona, ndipo Sista Audrey angachitire umboni, kupatula chimodzi. Ba Molly kulibe. Ku Chanyanya kulibe mayi wotero, ndipo pabedi langa sanakhalepo. Ndinkamulemba muno kuti ndisamupatse mpata m'mano Lachiwiri n'kumuchotsera Lachinayi. Mbale ija ankabwera nayo Shadreck m'mawa popita ku basi, akuti waphika ndi Yande. Yande amathira anyezi ndi m'phala momwe. Nditangolawa ndinadziwa dzanja la Zione. Munthu amene akuti ndamupha anali kudzuka m'mamawa kundisinjira nsinjiro ndi zala zamabala. Ndinadziwa kuti za magazi sangandikhulupirire, koma sangalole kuti Estates yonse imve kuti mlamba wake waphika mkazi wina.

Ndamufunsa madzulo ano ngati anakhulupirirapo za Molly. Akuti, "Mkazi wanzeru zake angakufuneni inu ndi nkhanambo zija? Ndinabwera kudzatenga mbale yanga."